Pamene Tinamugoneka Nagina

Chaka chimene tinakwera phiri la Kandara komaliza tinali ndi njati zoweta khumi ndi zinayi basi. Yakub, mwana wa malemu achimwene anga a Roshan Din, anali atapangana kale ndi munthu wina wa kuchigwa kuti tikadzatsika adzazigule zonse. Yakub ankafuna nyumba ya njerwa ndi sukulu ya ana ake. Ine sindinamutsutse. Mawondo anga anali atavomereza kalekale.

Tsiku lachisanu ndi chinayi la ulendo tinamanga msasa pa Chiwoloko, m'tsinde mwa phirilo, pamene mtsinje umatambasuka n'kulola ziweto kudutsa. Njati zinalowa m'madzi n'kungotsala mphuno. Nditapemphera swala ya masana, alamu anga a Zaitoon, amayi ake a Yakub, anandibweretsera chapati ndi chambiko. Chimwalirireni mkazi wanga, mbale yawo inkandipeza tsiku ndi tsiku, ndipo batala ankandiikira wochuluka kuposa wa mwana wawo yemwe.

Tsikulo sanabwerere ku moto. Anakhala pamwala pafupi nane.

"Lal Din, idya msanga ndisanasinthe maganizo. Ndevu zonsezi koma kudya ngati khanda."

"Alamu, mano ndatsala nawo anayi, ndipo sakumanizana."

Anaseka pang'ono, kenako anakweza maso kuphiri.

"Mawa undiperekeze kwa Nagina."

Nagina anali mwana wawo wamkazi. Anamwalira ndi chifuwa ali ndi zaka zitatu, pa Chiwoloko pomwepa, tikutsika phiri, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo. Kwathu akazi sapita koika maliro. Amasambitsa, amakulunga m'nsanda, n'kupereka m'manja mwa amuna pakhomo la msasa. Amuna tsiku limenelo tinalipo awiri, achimwene ndi ine. Pa Chiwoloko saikapo munthu chifukwa nthawi ya mvula mtsinje umakokolola zonse, choncho achimwene anawalonjeza akazi awo kuti mwanayo akamugoneka kumtunda, pa Mikungudza Itatu, pamene pali manda akale a anthu athu.

Sitinafikeko. Mvula yamatalala inatipeza pa Khosi la Ngamila, pamene njira imaphaphatiza pakati pa thanthwe ndi phompho. Kutsogolo kwathu phiri linayamba kugumuka, miyala ikugubuduzika ngati mapoto. Achimwene anali ndi malungo, akunjenjemera ndi mwana pachifuwa. Kumunsi mtsinje unali kudzaza, ndipo njati zinayenera kuwoloka tsiku lomwelo. Tinakumba ndi nkhwangwa ndi manja pansi pa thanthwe lolendewera, pamene panali dothi louma, mapazi asanu kuchoka pa njira ya ziweto. Tinamugoneka nkhope ikuloza ku Makka, tinamupempherera, tinavundikira ndi mwala waphanthiphanthi.

Titatsika, alamu anatichingamira ali chonyowa. Anafunsa kuti mwamugoneka pati. Achimwene anati, "Pa Mikungudza Itatu, monga ndinanenera." Ine ndinayang'ana pansi.

Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse alamu ankapempha kuti akaone. Achimwene ankati njira yake ndi ya mbuzi, si ya munthu wamkazi wosenza katundu. Ankati akwerako kale okha ndipo apemphera m'malo mwa onse awiri. Alamu ankangoima panjira, n'kutambasula manja kuloza mitengo itatuyo, imene imaoneka patali pamwamba pa nkhalango. Achimwene anamwalira kuchigwa m'nyengo yozizira yapitayo. Sanandiuze kuti ndidzanene, sanandiuzenso kuti ndisadzanene.

"Wamva kodi, kapena makutu nawonso atsala anayi?"

"Ndamva, alamu. Koma njira ija..."

"Njira ndikuidziwa kuposa iwe." Anawerenga pa zala, monga achimwene ankawafotokozera. "Ukatuluka m'nkhalango ya thundu, udutsa Khosi la Ngamila. Pa Mwala Wong'ambika njira igawikana. Yakumanja n'ja njati. Yakumanzere ikwera mpaka pa Kasupe wa Chimbalangondo. Ukamwa pamenepo, mikungudza ili pamaso pako. Ali pansi pa wapakati, pa udzu wofewa, ndipo dzuwa limayambira pamenepo m'mawa. Ndalakwitsa?"

"Simunalakwitse."

"Ndiye ine ndikungofuna munthu wondikoka dzanja. Chaka chamawa kulibe, Lal Din."

Pa swala ya madzulo ndinakhalitsa pamkeka. Sindinadziwe chopempha. Ndikanatha kuwafikitsa pa mtengo wapakatiwo, n'kuloza mulu uliwonse wa miyala yakale, iwo n'kulira, n'kutsika mtima uli m'malo. Achimwene akanakhalabe munthu wosanama. Ndinangonena kuti, Mulungu, Inu mukudziwa pamene mwanayo ali.

M'mawa Yakub ndi mkazi wake anatsogola ndi njati ndi ana, kulunjika ku msipu wa pamwamba. Ife tinatsalira. Alamu anavala malaya awo oyera, ananyamula kamtsuko kamkuwa kotungira madzi othira pamanda, ndi kansalu kobiriwira kamene anakasoka okha m'mphepete.

Polowera m'nkhalango pali kanyumba ka tiyi ka a Darban Singh. Iwo ndi Mhindu, ife Asilamu, koma zaka makumi atatu akhala akutisungira mchere wa njati pansi pa bedi lawo. Atationa anachotsa galu pa benchi.

"A Lal Din! Ndimaganiza kuti chaka chino akunyamulani pa hatchi ngati thumba la ufa."

"Hatchi inakana. Inati ikudikira inuyo."

Anatipatsa tiyi wotentha wa shuga wambiri. Anayang'ana mapazi otupa a alamu, anayang'ananso kansalu kobiriwira, koma sanafunse kanthu. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndodo yansungwi, yosalala ndi manja.

"Inali ya mayi a kunyumba kuno. Ikungokhala kuseri kwa chitseko. Tengani, achemwali, mudzabweza potsika."

Alamu anailandira ndi manja awiri.

Nkhalango ya thundu ya pa Kandara ndimaidziwa mtengo ndi mtengo. Yambiri ili ndi nthambi zopindika chifukwa ife tomwe tinkakwera n'kusadzira njati masamba. Uwu ndinagwamo ndili mnyamata. Uwo unali wa achimwene, sankalola wina kuukwera. Pansi panali ponyowa, pakununkha masamba owola ndi ndowe za njati zathu zimene zinali zitangodutsa. Alamu ankayenda patsogolo, ndodo ikugogoda pamizu. Ankapuma pafupipafupi koma osakhala pansi.

Dzuwa litakwera tinafika pa Khosi. Kumanja thanthwe lakuda lodontha madzi, kumanzere phompho, mtsinje ukumveka pansi ngati mphepo. Mwala waphanthiphanthi unali pomwepo, utamera ndere, theka litakwiririka ndi dothi. Alamu anaudutsa maso ali kutsogolo.

"Fulumira, malo ano sindiwakonda. Pamazizira ngakhale masana."

Ndinaudutsa nanenso. Ndinapereka moni wa akufa chamumtima, milomo osagwedera.

Mwala Wong'ambika ndi waukulu ngati nyumba, wogawika pakati ngati kuti wina anautema. Mumng'alumo munamera mtengo wa maluwa ofiira, ndipo nthawi imeneyo unali utachita maluwa. Pamenepo alamu anakhotera kumanzere. Kanjirako n'koimirira, miyala yake yogwedera. Anakwera masitepe khumi ndi ndodo, kenako anayamba kugwira ndi manja, kamtsuko kakugunda pamiyala. Ndinawagwira pachigongono. Anakhala pamuzu, akupuma movutika, koma nkhope ili yowala.

"Ukudziwa, ana a Yakub ndawaphunzitsa njira yonseyi. Wamng'ono uja amaiimba ngati nyimbo. Khosi, Mwala, Kasupe, Mikungudza. Ngakhale akakhale m'nyumba ya njerwa, adzadziwa pamene pali azakhali awo. Ine ndi iwe tikapita, mwanayu asadzasowe womudziwa."

Ndinayang'ana kumbuyo, kumene tinachokera. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa dziko lonse lapansi, wodziwa mwala uja ndinali ine ndekha.

"Alamu."

"Watopa kale? Nkhalamba yachabechabe."

"Alamu, tibwerere. Kumtundaku kulibe."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chinenero china.

"Kulibe ndani?"

"Nagina. Sitinafikeko tsiku lija. Phiri linagumuka."

Mbalame ina inkalira m'mitengo ya paini kumunsi kwathu. Kenako alamu anaimirira, anakana dzanja langa, n'kuyamba kutsika chokhala, mwala ndi mwala.

Pa Khosi ndinaima, ndinaloza. Iwo anayang'ana mwalawo, anayang'ana njira, anayang'ananso mwalawo. M'mbali mwake munali ndowe yaiwisi ya m'mawa womwewo ndi mapazi a njati.

"Apa?"

"Apa."

"Panjira?"

"Ndi pokhapa pamene panali pouma. Mvula siifika pansi pa thanthweli."

Anagwada. Anachotsa ndoweyo ndi manja, n'kuiponya kuphompho. Anayamba kupala ndere ndi zikhadabo. Ndinagwada kuti ndithandize.

"Usakhudze."

Ndinabweza manja.

"Kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, zaka zonsezi. Ndinkadutsa apa ndi mtolo pamutu, ndikukalipira njati. Mwana wanga ankamva mapazi anga, ine maso ali kumitengo." Mawu awo anali otsika, osanjenjemera. "Iwe unkadya chapati changa."

"Ndinkadya."

"Sichinkakutsamwa?"

Anapitiriza kupala ndere. Kenako anafunsanso.

"Mutu uli mbali iti?"

Ndinawasonyeza. Anasunthira kumeneko, anayala kansalu kobiriwira, anakapanikiza ndi timiyala tinayi. Anaika chikhatho pamwamba pake monga amachitira mayi poyesa kutentha kwa mwana. Apo m'pamene analira. Ine ndinapita chapatali, pokhotera njira, n'kuwafulatira.

Posakhalitsa ndinamva mabelu. Munthu wina ankatsika ndi nyulu zisanu zosenza mbatatesi, munthu wa midzi ya kuseri kwa phiri, wosamudziwa. Pa Khosi sipadutsa nyulu ndi munthu wokhala pansi nthawi imodzi. Ndinakweza dzanja.

"Pepani, achimwene. Dikirani pang'ono."

Anasuzumira kuseri kwa phewa langa. Anaona mayi wokalamba atagwada ndi nsalu yobiriwira. Anakoka chingwe cha nyulu yotsogola, anazibweza zonse pamalo otakasuka, n'kumasula belu la yoyambayo kuti lisamalire. Anakhala pamwala, anatulutsa fodya, anamuyang'ana, n'kumubwezanso m'thumba. Tinakhala choncho awiriwiri osayankhulana. Dzina lake sindinalifunse, koma ndimamutchula m'mapemphero mpaka lero.

Patapita nthawi alamu anasunthira m'kati mwa thanthwe, ndipo munthuyo anadutsitsa nyulu zake imodziimodzi, atazigwira pakamwa, iye akuyenda mbali ya mwala kuti ziboda zisaukhudze.

Atapita, alamu anandiitana osandiyang'ana.

"Lal Din. Akulu akowo ankaima pano?"

"Chaka chilichonse. Ankati akumangitsa katundu wa hatchi."

"Ndinkawanena. Ndinkati munthu wamkulu wosadziwa kumanga mfundo." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Anali ndi malungo tsiku lija. Ndikukumbuka. Malaya awo anali matope okhaokha mpaka m'khosi, ndipo zikhadabo ziwiri zinazuka. Ndinawachapira, osafunsa."

"Ankafuna kuti muzimuganiza ali padzuwa."

"Usawayankhulire. Ndidzawafunsa ndekha, Mulungu akalola."

Anatenga kamtsuko kamkuwa, anakagwedeza. Munalibe kanthu, popeza ankayembekeza kutunga kumtunda. Madzi odontha pathanthwe anali akuda ndi dothi. Anakatambasulira kwa ine.

"Sindimuthira madzi amatope. Pita ku kasupe uja."

"Ndikusiyani nokha pano?"

"Sindili ndekha. Pita."

Ndinabwerera ku Mwala Wong'ambika, ndinakhotera kumanzere. Ndinakwera chokwawa, ndikupuma pa mtengo uliwonse, mawondo akuwotcha. Nkhalango ya thundu inatha, inayamba ya paini, kenako mphepo yozizira ya pamwamba. Kasupe wa Chimbalangondo amatuluka pansi pa muzu waukulu n'kugwera m'kabeseni ka mwala kamene anthu akale anasema. Wina anasiyapo chikho chamtengo kuti odutsa azimwera. Ndinamwa, ndinasamba kumaso ndi m'manja.

Nditaweramuka, mikungudza inali pamaso panga, itatu, yaitali kuposa mmene imaonekera kumunsi. Pansi pa wapakati panali udzu wofewa, wopanda mwala ndi umodzi womwe, ndipo dzuwa linali pamenepo. Achimwene sanawonjezere kanthu. Ndinaima pang'ono, ndinawapempherera iwo ndi anthu akale ogona kumbaliko, amene mayina awo palibe akuwadziwa.

Ndinadzaza kamtsuko mpaka m'khosi, ndinatseka pakamwa pake ndi chikhatho, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono kuti madzi asatayike.