Tiyi wa Pawindo

Amisiri anasiya kupala matabwa chaka chimene nyamakazi inakwera kuchoka m'mawondo kufika m'chiuno. Shedi yawo inali ikadali kuseri kwa nyumba, randa ali pabenchi, sowo ali pamsomali wake, koma utuchi wapansi unali utasanduka dothi, ndipo nkhuku zinkaikira pakona pamene kale ankaunjikapo matabwa. Dzina lokha ndi limene linatsala.

Akazi awo ankawasamala monga mmene aliyense amasamalira wodwala. Madzi osukusula ankawapeza pampando, chakudya pampando, wailesi pamiyendo. Mpandowo Amisiri anaukhoma okha chaka chimene anakwatirana, wa mikono yotakata, ndipo tsopano unali utawameza.

Amene anasokoneza mtendere umenewu ndi namwino wa kuchipatala. Atapereka mapiritsi a mwezi, anatembenukira kwa mayiwo.

"Mayi, nyamakazi iyi sichoka, azikhala nayo. Koma miyendoyi ikufota chifukwa cha inu."

"Chifukwa cha ine?"

"Mwawakonda mopitirira. Azidzuka pampando okha, akhale, adzukenso, m'mawa ndi madzulo. Aziyenda atagwira khoma. Tsiku limene mawondo atupa ndi kutentha, apume. Masiku enawo musawabweretsere chimene angathe kukatenga okha."

M'mawa mwake mayiwo anaika kapu ya tiyi pawindo, kutsidya kwa chipinda.

"Amayi, tiyi uyo ndi wa mbalame?"

"Ndi wanu, bambo."

"Ine ndamera mapiko liti?"

Mayiwo anatenga tsache n'kuyamba kusesa pamene anali atasesa kale. Amisiri anadikira. Ataona kuti nthunzi ikutha pakapu, anagwira mikono ya mpando, nabuula, nakankha. Anagweranso pampando. Anakankhanso, naimirira atapindika ngati chikwakwa. Mayiwo anagwiritsa tsache mpaka zala kuwawa kuti manja asathamangire kukawagwira. Tiyi Amisiri anamupeza atazizira, ndipo tsiku lonse sanawalankhule akazi awo.

Koma masabata atapita, zinayamba kulowa m'thupi. Dzuwa likangofika pakhonde, Amisiri ankadzuka ndi kukhala, kudzuka ndi kukhala, mpaka thukuta pamphumi. Kenako ankauyamba ulendo wa m'mbali mwa khoma. Manja awo ankakumana ndi ntchito zawo zakale: shelefu ya mbale, felemu ya windo, chitseko cha kuchipinda.

"Apa ndinalakwitsa, mukuona? Msomali unapotoka. Tsiku limenelo munkadutsa ndi ndowa pamutu, ine maso kwa inu, hamala kuchala."

"Ndiye mlandu ndi wanga?"

"Wa ndani nanga?"

Mayiwo ankaseka, n'kukumbukira mwamuna amene anasenza chitseko pamutu kukapereka kutsidya kwa mtsinje madzi ali m'chiuno, n'kubwerako madzulo akuimba mluzu. Mwamuna ameneyo sakanabweranso, ankadziwa. Koma uyu wogwira khomayu anali atayamba kufika yekha kuchimbudzi, ndipo zimenezo sizinali zazing'ono.

Mbiri ilibe nyamakazi, imathamanga. Inakafika kwa achemwali awo a Amisiri, aakulu kwa iwo, amene ankakhala kutali kuseri kwa phiri. Anafika pangolo Lolemba lina, napeza mlongo wawo ali pakati pa chipinda, miyendo ikunjenjemera, akazi awo atangoima poteropo manja ali kumbuyo.

"Ndiye n'zoona," anatero asanakhale n'komwe. "Alamu, munthu wodwala mukumudumphitsa ngati mwana wa sukulu? Mwatopa naye?"

"Ndi anamwino anatiuza, alamu."

"Anamwinowo anamubereka ndi iwo? Ngati mwatopa, nenani. Kwathu kuli anthu. Ngolo ibweranso Loweruka, ndikupita naye."

Mayiwo anayang'ana amuna awo. Amisiri anayang'ana pansi. Kuyambira ali mwana sanawayankhepo achemwali awo.

Sabata imeneyo mpando unapezanso mwini wake. Achemwali ankabweretsa madzi, chakudya, wailesi, ngakhale kuthamangitsa ntchentche. Amisiri akangosuntha, iwo ali, "Khalani, achimwene, mukufuna chiyani?" Ndipo kunena zoona, Amisiri zinkawakomera. Ankatambasula miyendo, akumvetsera nkhani za kwawo: ndani anamwalira, mtengo uti unagwa, chitsime chakale chinauma liti. Mayiwo ankaphika, kuchapa ndi kupinda zovala za amuna awo, kuziika m'chikwama chimodzichimodzi. Malaya a ntchito, ong'ambika pathumba pamene ankaikapo pensulo, anawagwira nthawi yaitali asanawaike.

Lachisanu Amisiri anafuna kupita kuchimbudzi. Anagwira mikono ya mpando, nakankha, koma thupi silinachoke. Zinatengera amayi awiriwo kuwakoka, wina uku wina uku. Pobwerako sanafunenso wailesi.

Loweruka m'mawa ngolo inaima pabwalo, atayalamo matiresi. Woyendetsa ngolo analowa, napinda mikono ya malaya kuti anyamule wodwala.

"Taimani kaye, bambo," anatero Amisiri. "Achemwali, paja mumati ine ndinachedwa kuyenda?"

"Nkhani imeneyo ikubwera bwanji pano? Ng'ombe zikudikira."

"Ndangoikumbukira."

Achemwali anapukusa mutu, koma nkhope inamasuka. Nkhaniyi ankaikonda.

"Unali waulesi kuyambira kale, iwe. Anzako akuthamanga, iwe uli kumsana kwanga, miyendo ikundimenya m'mawondo. Kumadzi nawe, kunkhuni nawe. Mpaka mayi athu anati, mutsitse ameneyo, adzakula ali chikwawe. Ndiye ndinakukhazika pafupi ndi nkhokwe, ine n'kukaima patsinde pa mango ndi kachidutswa ka nzimbe. Unalira. Mamina mpaka pachibwano, manja uli mmwamba kuti ndikunyamule. Inenso ndinkalira, ndinachita kutembenuka kuti ndisakuone. Agogo ankanditukwana kuti ndine mwana wouma mtima. Koma ndinaima pomwepo mpaka..."

Anasiyira pomwepo. M'chipindamo munangomveka ng'ombe ikupukusa goli panja.

Amisiri anagwira mikono ya mpando. Woyendetsa ngolo anasendera, koma mayiwo anamugwira pamkono. Koyamba sizinatheke. Kachiwiri mpando unalira, mawondo analira, Amisiri anaima. Anagwira khoma, nadutsa shelefu, nadutsa windo, pang'onopang'ono, mpweya ukumveka. Achemwali anatambasula manja, kenako anawabweza n'kuwapinda pachifuwa. Atafika pakhomo mphamvu zinawathera, ndipo anatsetsereka ndi felemu mpaka kukhala pachiundo cha pakhomopo.

"Ngolo ibwerere," anatero akupuma mwabefu. "Kwanu mukandisamala bwino, achemwali, ndikudziwa. Mukandisamala mpaka ndidzaiwala kuti ndili ndi miyendo."

"Ndiye ndavutikiranji ine ulendo wonsewu?"

"Mwabwera kudzationa. Takondwa."

Achemwali anatenga kathumba kawo osayang'ana munthu. Podutsa pakhomo anachita kulambalala mlongo wawo, koma dzanja lawo linakhudza mutu wa imviwo pang'ono.

"Mukagwa musanditumizire uthenga."

"Tidzatumiza ndithu, alamu," anatero mayiwo. "Tidzauzanso ndani?"

"Inunso, alamu, musamuumire mtima kwambiri. Akatupa apume."

"Amapuma."

Woyendetsa ngolo anatsitsa chikwama chimene anali atakweza kale. Achemwali anakhala okha pamatiresi aja, msana uli kunyumba, ndipo sanacheuke mpaka ngolo inakhota pamsewu.

Mayiwo anaima pambali pa amuna awo. Chiundo chinali chachifupi, chopanda mikono yogwira.

"Ndiye pamenepa mudzukapo bwanji, bambo?"

"Sindikudziwa. Sindinaganize zimenezo."

"Ndikaitane aneba?"

"Ayi. Takhalani kaye."

Anakhala. Pachiundopo panali pothina kwa anthu awiri, mapewa ankagundana. Kale ankakhala pomwepo madzulo, Amisiri akununkha utuchi, akuchotsa zisonga m'zala ndi singano. Tsopano ankangoyang'ana fumbi la ngolo likutsika pang'onopang'ono pa udzu.

Dzuwa litayamba kuwotcha, Amisiri anapapasa felemu, napeza pogwira, nakoka phazi limodzi kulibweretsa pansi pa thupi.

"Mukandiona ndikupita chagada, pokhapo mundigwire."

"Ndamva."

"Pokhapo, amayi."

"Ndamva, bambo. Yambani."