Otisokera Zovala

Achemwali anakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda kosungiramo katundu, pakati pa mopu ndi njinga yothyoka, akumvetsera mchimwene wawo akuphunzitsa dziko kuchapa matewera. Kachipindako kanalibe zenera. Chitseko anachisiya chotsekula pang'ono kuti mpweya uzilowa, ndipo pampatapo ankaona mbali ya khitchini, zingwe zamagetsi zoyalidwa pansi, ndi msana wa bambo wonyamula kamera.

"Mwamuna woopa thewera asamadzitche bambo," ankatero mchimwene wawoyo, ndi mawu ake a pawailesi aja. "Mwana ndi wa anthu awiri."

Matewerawo Achemwali anali atawachapa kale m'mawa. Iye anangowanyowetsanso.

Kunja konse ankamudziwa kuti a Mbereko. Anali woimba, ndipo dzinalo linabwera ndi chithunzi chimodzi: iye ataima, gitala kutsogolo, mwana kumbuyo. Chithunzicho chinayenda m'mafoni mpaka chinakwera pa zikwangwani za m'misewu. Mabungwe a amayi ankamuitana kuti akalankhule, ndipo m'mabasi akazi ankatosa amuna awo ndi chigongono kuti aone mnzawo. Kwa Achemwali anali Mzime basi, mwana womaliza wa mayi awo, amene anamulera okha mayiwo atamwalira. Nsalu ya pachithunzipo anamumanga ndi iwo, n'kuilimbitsa ndi mapini mkati, chifukwa mfundo ya Mzime sinkagwira.

Sanali munthu woipa. Zimene ankanena ankazikhulupirira. Mkazi wake, namwino, atasankhidwa kukaphunzira uzamba kutali, iye ndi amene anayamba kunena kuti apite. Anakalengezanso pawailesi kuti ana awiriwo akhala nawo yekha, anthu n'kuimba mafoni omuyamikira mpaka pulogalamu kutha. Masana a tsiku lomwelo anafika ku shopu ya Achemwali, kumene ankasoka zovala.

"Mungobwera masabata ochepa, Achemwali, kuti ndizolowere."

Masabatawo anasanduka miyezi. Mzime ankadzuka dzuwa litakwera, n'kupita kokajambulitsa nyimbo kapena kokalankhula. Achemwali ankasambitsa khanda, kuperekeza wamkulu kusukulu ya mkaka, kuphika, kusita. Shopu inayamba kutsegulidwa masana okha, kenako masiku ena osatsegulidwa n'komwe. Makasitomala anawoloka msewu mmodzimmodzi kupita kwa telala wa tsidya lina. Ntchito yaikulu imene inatsala inali diresi laukwati. Ukwatiwo unali wa Loweruka, ndipo mkwatibwi ankabwera kudzaliyesa Lachitatu masana. Mayi ake anali atanena kale kuti akapezanso loko pachitseko, nsalu yawo iwolokanso msewu, ndipo tchalitchi chonse chimva chifukwa chake.

Koma tsiku lomwelo ndi limene a wailesi yakanema anasankha kuti adzajambule mmene a Mbereko amakhalira okha ndi ana.

"Mungokhala umu pang'ono," anatero Mzime m'mawa, atamumanga mwana kumbuyo. "Akakuonani, nkhani yonse yafa."

"Ndine katundu wakuba ine, woti ndibisidwe?"

"Ayi, Achemwali. Koma mukuwadziwa anthu a kanema. Sachedwa, akuti dzuwa lisanatenthe akhala atapita."

Dzuwa linatentha iwo akadalipo. Thewera limodzi analichapa kambirimbiri, chifukwa poyamba kuwala kunachepa, kenako galu wa oyandikana nawo anauwa. Atamaliza za matewera anayamba za phala. Phalalo Achemwali anali atalisiya pambali litapsa kale, koma Mzime analitakasa ndi nkhope ya munthu wodziwa, akufotokoza za ufulu wa mwana wamkazi. Kenako onse anasamukira pabalaza kukafunsana mafunso.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali mayi a mkwatibwi.

"Tili pa shopu panu. Watilonjera ndi loko."

"Ndikubwera, mayi," ananong'ona Achemwali.

"Mawu amenewa munatiuzanso Lachiwiri. Mukunong'oneranji, muli pamaliro?"

"Ndili pafupi kunyamuka."

"Mwana wanga sakwatiwa atavala malonjezo. Tikhala pa benchi ya tsidya ili, mthunzi uli konkuno. Mukachedwa muzingobwera ndi kiyi, tidzatenge nsalu yathu."

Achemwali anadzuka, msana ukulira. Anatenga chikwama chawo n'kusuzumira kukhitchini. Khomo lakumbuyo anali atalitseka ndi chinsalu chakuda kuti dzuwa lisalowe, ndipo patsogolo pake anaunjikapo mabokosi a zipangizo ofika m'chiuno. Anaima pang'ono. Njira inatsala imodzi, yodutsa pabalaza. Anakonza mpango wawo kumutu n'kuyamba kuyenda, akulumpha zingwe.

Pabalaza panali powala ngati m'chipinda cha opaleshoni. Mzime anaima pafupi ndi zenera, mwana ali kumbuyo, akugwedeza thupi pang'onopang'ono. Mayi wofunsa mafunso anakhala pa mpando, miyendo itapingasa, pepala lili pabondo.

"Ndiye palibe amene amakuthandizani, a Mbereko? Ngakhale wantchito?"

"Palibe. Ndikanalemba wantchito, bwenzi ndangosamutsa katundu kuchoka pamutu pa mkazi wina kupita pamutu pa mkazi mnzake."

Apa m'pamene Achemwali analowa. Ankafuna kudutsa kumbuyo kwa kamera, koma malo analibe, ndiye anadutsa kutsogolo. Wonyamula kamera anadzutsa mutu. Mayi uja anatembenuka.

"Pepani, amayiwa ndi ndani?"

Mzime anayang'ana Achemwali, n'kuyang'ana kamera. Kanyali kofiira kanali kakuyakabe.

"Awa ndi otisokera zovala," anatero. "Anabwera kudzandiyeza."

Mwana kumbuyo kuja anawaona azakhali ake. Anatambasula manja n'kuyamba kulira, akudzikoka mu nsalu. Mapini anagwira.

"Koma mwanayu akukudziwani bwino," anatero mayi uja akumwetulira.

"Makasitomala anga onse amandidziwa," anayankha Achemwali.

"Muli ndi mwayi, mayi, kusokera munthu ngati ameneyu. Amuna onse akanakhala chonchi, bwenzi dziko lili patali."

"Akanakhala chonchi onse, ife atelala si bwenzi tikupuma."

Onse anaseka, Mzime n'kusekanso mochedwa. Achemwali anatsazika mwaulemu ngati mlendo, n'kutuluka khomo lakutsogolo. Kulira kwa mwana kunawaperekeza mpaka pageti. Sanacheuke, chifukwa ankadziwa kuti akacheuka abwerera.

Anapeza mkwatibwi ndi mayi ake atakhaladi pa benchi ya telala wa tsidya lina, mwini benchiyo akuwapatsa madzi akumwa ndi ulemu wonse. Achemwali anatsegula shopu, fumbi n'kuwalandira. Anapukuta galasi ndi mpango, anatulutsa diresi m'pepala lake, mtsikanayo n'kulivala kuseri kwa katani. M'chiuno linali lotakata pang'ono, ndipo mpendero wa m'munsi unali usanapindidwe.

"Waonda," anatero Achemwali, mapini ali pakamwa.

"Waonda ndi inu," anatero mayi ake. "Mwana sakugona poganiza kuti akalowa m'tchalitchi ndi yunifolomu yakuntchito."

"Lachisanu m'mawa mudzalipeza litasitidwa."

"Tidzapeza inu kapena loko?"

"Mudzapeza ine. Ndabwerera."

Atapita, anathira mafuta m'makina, n'kusesa kachipinda kawo kogona kuseri kwa shopu, kamene kanali katayamba kununkha chinyezi. Foni inalira akumasula msoko wa m'chiuno. Anaisiya kuti ilire mpaka msokowo utatha, kenako anayankha.

"Achemwali, apita tsopano. Zayenda bwino kwambiri," anatero Mzime. "Wamkulu uja akuweruka posachedwa. Akamutenga ndani?"

"Bambo ake."

"Zija ndinanena zija, pakamwa panangoterereka. Munaona nokha, kamera inali ikuyaka."

"Sunaname, Mzime. Ndine telala."

"Musatero. Inu ndinu mayi anga."

"Mayi ako sukanawakhazika pa ndowa."

Kumbali inayo mwana ankalirabe chapatali.

"Ndiye mubwera nthawi yanji?"

"Telala sagona kwa kasitomala. Mkaka uli pa shelefu yam'mwamba. Madzi uziwayesa padzanja usanamumwetse. Nyamuka, sukulu ija salola mwana kutsala yekha pageti."

Sipanapite nthawi, foni inaliranso. Anali mkazi wa Mzime, akuimba ali pakhonde la kalasi, mawu a anzake akumveka kumbuyo.

"Alamu, bambo a ana andiimbira. Akuti mwachoka."

"Ndachoka."

"Zimene anachitazo ndamva, ndipo ndachita manyazi. Inenso ndinkadziwa kuti ndinu mukugwira zonse, koma ndinkangokhala chete kuti ndimalize." Anapuma. "Ndibwerere? Ndikhoza kupempha kuti ndidzapitirize chaka chamawa."

"Chaka chamawa malo anu adzakhala ali ndi mwini wake. Mukabwerera ndidzakuthamangitsani ndekha ndi lumo ili."

"Nanga ana?"

"Ana ali ndi bambo. Dziko lonse likudziwa, zikwangwani zikuchitira umboni. Manja ali nawo awiri ngati ine. Akalira adzatonthola, akadya phala lopserera sadzafa. Inu werengani."

"Wamng'onoyo akatentha thupi?"

"Akatentha thupi ndidzapita, ndine azakhali ake. Koma ndidzalowera khomo lakutsogolo."

M'mawa mwake, Achemwali ali pa makina, anamva phokoso kunja. Atsikana a ku saluni yoyandikana nawo anali atatuluka ndi mafoni m'manja, kasitomala wawo atamusiya ndi mutu wolukidwa mbali imodzi. Mzime ankabwera wapansi kuchokera pamene anaimika galimoto. Wamkulu anamugwira dzanja, tsitsi losapesa, masokosi osiyana mitundu. Khanda linali litatsetserekera m'chiuno, nsalu ili lende, ndipo Mzime ankalichirikiza ndi dzanja linalo. Anamwetulira kwa atsikanawo monga mwa chizolowezi, n'kulowa mu shopu mofulumira.

Maso ake anali ofiira. Malaya anali ndi dontho la phala paphewa.

"Mapini aja ndinawachotsa pomusambitsa," anatero chapansipansi. "Ndayesa kuwabwezera, ndamubaya nawo. Ndimangeni, Achemwali, anthu akuona."

Achemwali sanadzuke. Anachotsa phazi pa chopondera n'kutembenuza mpando.

"Werama."

"Pano?"

"Werama, msana ukhale ngati tebulo. Mukweze mwanayo mpaka mutu wake ufike pakhosi pako. Nsaluyo idutse pansi pa matako ake, osati pamiyendo. Nsonga imodzi paphewa, inayo kukhwapa. Koka."

"Ndimupweteka."

"Sumupweteka. Iweyo ndinkakukoka kuposa pamenepo, ndipo unali wonenepa ngati thumba la simenti."

Wamkulu uja anaseka. Mzime anamanga, n'kuweramuka, mfundo n'kumasuka. Anaweramanso, thukuta likutsika pamphumi. Pazenera atsikana a ku saluni ankajambulabe, mmodzi akuuza mnzake kuti amuna otere anatha, anatsala awa okha. Anayesanso, akuluma mlomo, ndipo ulendo uno mfundo inagwira. Inali yokhota, yaikulu ngati chibakera, koma mwana anakhala pamalo ake n'kutsamira tsaya pamsana pa bambo ake.

Mzime anaima osasuntha, ngati akuopa kupuma.

"Mundipatseko pini imodzi yokha, yongothandizira."

"Mapini ndi a diresi."

Anamuitana wamkulu uja, n'kumupesa msangamsanga ndi chipeso cha m'dirowa. Masokosi anawasiya mmene analili.

"Lamlungu ubwere nawo, adzadye kuno. Sutikesi yanga ubwere nayonso. Tsopano pitani, mwachedwa."

Mzime anafika pakhomo n'kutembenuka ngati ali ndi mawu, koma mwana anayamba kudzikoka, ndiye anangogwira mfundo ija n'kutuluka.

Pulogalamuyo inaulutsidwa patapita masabata angapo, ukwati utadutsa kale. Achemwali sanaione. Anawafotokozera ndi mayi a mkwatibwi, amene anabwera ndi nsalu ina yoti awasokere siketi. Anati a Mbereko anaoneka bwino kwambiri, anachapa matewera, anaphika phala, ndipo iwo anamukhazika pansi mkamwini wawo watsopano kuti aonere mpaka kumapeto. Za telala wodutsa pabalaza sanatchule. A kanema anali atamudula m'pulogalamuyo.

"Kwezani manja," anatero Achemwali, n'kuwazunguliza tepi m'chiuno.