A Jaffalie Ankafuna Kupita Kuntchito

Ajira anali pamsika wa Malindi akugulitsa mandasi pamene foni yake inalira. Anali mayi Triza, namwino wa kunyumba yosamalira okalamba kumene bambo ake a Ajira ankakhala. Anamuuza kuti bambo akewo, a Jaffalie, sakuoneka ndipo antchito onse atuluka kukawafunafuna.

A Jaffalie anali ndi matenda oiwala. Ankatha kudya n'kufunsanso kuti chakudya chibwera liti, ndipo masiku ena ankaitana Ajira ndi dzina la malemu mayi ake. Ajira anawapititsa kunyumbayo ataona kuti sangathe kuwayang'anira yekha uku akuchita geni.

Antchitowo anawapeza m'mudzi wina wa kumtunda atakhala pakhonde la golosale, anthu atawazungulira. Ena ankati ndi wakuba, ena anali atayamba kunong'onezana za ufiti, poti mkuluyo sankatha kunena dzina lake kapena kumene wachokera. Mwamwayi shehe wa m'mudzimo anawazindikira n'kubalalitsa gululo.

M'mawa mwake Ajira anapita kwa mayi Triza mtima uli m'mwamba. Anawauza kuti kuyambira tsikulo azitsekera bambo akewo m'chipinda ndi loko, chifukwa ulendo wina anthu adzawapha kapena adzagwera m'nyanja.

Mayi Triza anamusiya kuti amalize. Kenako anafotokoza kuti munthu wodwala chonchi ukamutsekera amachita mantha, amamenya chitseko, ndipo ena amavulala poyesa kutulukira pazenera.

"Bambo anu si mkaidi, achemwali," anatero. "Munthu woiwala satuluka popanda chifukwa. Pamakhala kumene akuganiza kuti akupita. Kodi kale akadya masana ankachita chiyani?"

Ajira anaganiza pang'ono. Anati bambo ake anali telala, ndipo moyo wawo wonse akaswali kumzikiti masana ankanyamuka kubwerera kumakina awo osokera, pakhonde la sitolo ina. Atangonena zimenezi, anamvetsa chimene chinawakhalitsa pakhonde la golosale lija.

Sabata yomweyo anthu anagawana ntchito. Akomiti ya nyumbayo anatseka mpata umene mbuzi zinaboola pampanda, n'kumangirira belu pageti kuti lizilira munthu akatsegula. Antchito anagwirizana kuti posinthana ntchito aziyamba aona ndi maso kuti wokalamba aliyense alipo. Ajira anasokerera kansalu ka dzina ndi nambala ya foni m'kati mwa malaya onse a bambo ake. Mayi Triza anayenda kumzikiti, kutchalitchi ndi kwa akabaza, kufotokoza kuti kuiwala kotere ndi matenda, si ufiti, ndipo aliyense woona wokalamba akuyenda mosokonekera amulankhule mofatsa ndi kuimba foni msanga.

Ajira anabweretsanso makina akale aja atachotsamo singano, n'kuwaika pakhonde la nyumbayo pamodzi ndi zidutswa za nsalu. Masana a Jaffalie ankakhala pamenepo, kupinda nsalu ndi kuyeza mapewa a aliyense wodutsa ndi tepi.

Sikuti anasiyiratu kufuna kutuluka. Tsiku lina Ajira ali pomwepo, belu linalira ndipo anaona bambo ake atagwira geti. Anadzambatuka kuti akawakoke, koma bambo Mathews, mlonda wa pamalopo, anamukodola kuti adekhe. Iwo anapita n'kuwapatsa moni mwaulemu.

"Atelala, mwayamba ulendo? Tiyeni ndikuperekezeni. Ndili ndi buluku lofuna kufupikitsa."

Anayenda limodzi mpaka pamtengo wa mango wa m'mbali mwa msewu, akukambirana za buluku, n'kubwerera a Jaffalie akuseka. Mvula inabwera n'kutha, mkuluyo osasowanso.

Pamsonkhano wa achibale a okalamba, Ajira anapempha kuti alankhulepo. Anati: "Wachibale wanu akayamba kuyenda mosokonekera, musamumange, musamutsekere. Uzani omusamalira za moyo wake wakale kuti adziwe chimene akufuna. Onetsetsani kuti mpanda ndi geti zili bwino, ndipo anthu oyandikana nawo akumudziwa. Ababa anga amayenda tsiku lililonse, koma sayenda okha."