Vidiyo Yomaliza ya Kandulo

"Mphindi zisanu ndi ziwiri? Angaonere ndani zimenezo?"

"Ndiye inuyo musaonere, achimwene," anayankha Chitsiriza.

Panali patatha masiku anayi chiikireni bambo awo m'manda. Mipando yobwereka inali idakali pakhonde. Foni ya malemu anali ataitsamiritsa ku chitini cha shuga patebulo la kukhitchini, pomwe inkakhala Loweruka lililonse.

Bambowo anali mphunzitsi wa sayansi. Atapuma pantchito anayamba kujambula mavidiyo, ndipo Chitsiriza, mwana wawo wamkazi womaliza, ndiye ankawadula kuti akwane mphindi imodzi. Yotchuka inali ya kandulo: kuimika kandulo yoyaka m'mbale ya madzi, kuivundikira ndi tambula, moto n'kuzima, madzi n'kukwera. "Moto wadya mpweya, madzi alowa m'malo mwake," ankamveka choncho. Anthu zikwizikwi anaionera.

Vidiyo yomaliza, yosatumizayo, inali yokonza mawu amenewo.

"Ukufuna mawu awo otsiriza akhale akuti ndinalakwitsa?" anatero mchimwene wake. "Anthu akulemba kuti muwuse mumtendere Pulofesa, iwe ukawavule pagulu? Tibwereze yakale ija basi."

Chichitikireni malirowo m'maso mwa Chitsiriza munali mouma gwa. Anangodina foniyo.

Bambo anaonekera atavala juzi yawo yobooka pachigongono. "Ana anga, mtsikana wina wandilembera kuti ndinaphonya. Akunena zoona, ndinalakwitsa ndine. Chachikulu ndi kutentha. Mpweya ukatentha umafutukuka, ukazizira umafinyika, madzi n'kukwera." Machesi anakana katatu. Anaseka okha.

Chitsiriza anaimitsa vidiyoyo.

"Sanalakwitse. Tsiku lojambula yoyamba ija anati, 'Ambiri amati moto wadya mpweya, koma dikirani.' Anafotokoza zonsezi. Ndinadula ndine, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndinkaona ngati akuchedwa, anthu angodutsa."

"Iwo ankadziwa?"

"Anaionera ndili pomwepo. Anangoti, 'Yatuluka bwino, mayi.'"

Mchimwene wake anakhala pansi, natenga tambula yomwe inali idakali ndi mwaye, n'kumaitembenuza.

Chitsiriza anadinanso. Bambo anawerama, napukuta galasi la foni ndi nsonga ya juzi. Kwa kanthawi panada bii, kenako nkhope yawo inabwerera pafupi kwambiri.

"Ukundiona bwino, mayi? Iyi udule mmene ukufunira."

"Sindidula," anatero Chitsiriza, akuyankha foniyo. "Ndikufuna ipite yonse, ndi machesi omwe."