Chifuwa Patsogolo

Wothamanga aliyense amadziwa kuti pamzere womaliza oweruza sayang'ana phazi, amayang'ana chifuwa. Ukafika umawerama n'kuponya chifuwa kutsogolo. Katswiri wa liwiro amene anthu ankamutcha Namzeze anazidziwa zimenezi akadali kamtsikana kothamanga kopanda nsapato.

Vuto lake, munthu ukawerama pamimba pamapindika. Ndipo atolankhani, anthu oti ngakhale basi ikuwasiya sathamanga, amadziwa bwino pogwada ndi makamera awo. Chaka chatha Namzeze atapambana, nyuzipepala ina inatulutsa chithunzi chake atawerama, kamnofu ka pamimba atakazunguliza ndi inki yofiira. Za kupambanako anazilemba m'munsi, timalemba tofuna magalasi. Pawailesi ya kanema azibambo a mimba zotsamira patebulo anamukambirana mpaka kukhuta, ati mtsikanayu pakamwa sipagona. Zinamuwawa koopsa, koma sanauze munthu.

Tsopano unali mpikisano wosankha opita kunja. Malo analipo atatu basi, ndipo pa msinkhu wake mwayi wina sukanabweranso.

"Za agalu a atolankhaniwo usazimvere," anatero akochi ake akumupatsa botolo la madzi. "Thupi lomweli ndi limene latifikitsa pano. Chifuwa patsogolo, wamva?"

"Ndamva, akochi."

Mfuti inalira. Pokhota pomaliza anali wachitatu, wina ali pambali pake penipeni moti ankamva kupuma kwake. Miyendo inayamba kulemera, komabe mphamvu zinalipo. Kenaka anawaona atolankhani aja, atagwada kuseri kwa mzere, makamera onse ataloza pamimba pake. Anakoka mimba, anawongola msana, n'kudutsa mzere ali njo ngati msilikali pa perete. Mnzake uja anawerama.

Oweruza anachita kuyang'ana chithunzi kuti awasiyanitse. Namzeze anali wachinayi.

M'chipinda chosinthira zovala munkanunkha thukuta ndi mankhwala otikitira. Opambana atatu aja ankaimba m'bafa. Akochi anaima pakhomo, chipewa atachifinya m'manja.

"Mwana iwe, wandipha! Zaka zonsezi, lero n'kuiwala kuwerama? Chinthu choti ungachite ngakhale uli m'tulo?"

Namzeze anapitiriza kumasula zingwe za nsapato. Panja atolankhani ankamudikira, ndipo funso lawo ankalidziwa kale.

"Sindinaiwale, akochi," anatero.