Denga Lowala M'mbali mwa Mtsinje

Ntchito ya mayiyu inali yoyang'ana zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti. Ankaika cha chaka chatha pambali pa cha chaka chino, n'kuona pomwe mitengo ya m'mbali mwa mtsinje yatha. Akapeza nyumba pamalo oletsedwa, ankatumiza chithunzicho kwa akuluakulu, iwo n'kutuma anthu okagumula. Chisoni analibe, poti pakompyuta anthu saoneka, amangooneka madenga.

Tsiku lina m'mawa anafika pa chithunzi cha pamene mtsinje umakhota, pomwe iye ndi mwamuna wake anadzala mitengo atangokwatirana. Mwamunayo, makaniko wapakamwa potsekemera, ankapitako Loweruka lililonse, ati kukalimirira mitengo, koma pobwera nsapato zili mbee. Pachithunzi chatsopano mitengo panalibe. Panali denga la malata, lowala ngati mbale yotsuka kumene.

Mtima unamuwira. Ananyamula laputopu yake n'kulunjika kugalaja. Anamupeza mwamuna wake ali chagada pansi pa galimoto, n'kumukoka mwendo.

"Tulukani, bambo. Mundionetse mitengo yanga pamenepa."

Makaniko uja anapukuta manja pang'onopang'ono, maso ali pachithunzi.

"Ndiye mwayamba kundizonda ndi makina a kuntchito? Mkazi wanji wolondola mwamuna wake kuchokera kumwamba ngati mfiti?"

"Ndimalondola mitengo ine. Inu mwangodzikola nokha. Nyumbayi ndi ya ndani?"

"Mwina makina anuwo asokoneza malo."

"Asokoneze lero, poti afika pa inu?"

Amakaniko anzake anasiya masipanala n'kutchera khutu. Mwamuna uja anatsitsa mawu, ukali wonse wathawa.

"Mwatumiza kale?"

Mayiyo anali asanatumize. Njira yonse ankadzinamiza kuti mwina wina wangolanda malowo, kapena mwamuna wake wawagulitsa mobisa. Zimenezo akanatukwana, mawa lake n'kukhululuka, ndipo akanayamba wafunsa kaye asanagwetse nyumba ya munthu.

"Chonde mayi, musatumize," anatero makaniko uja, atamugwira mkono ndi dzanja la girisi. "M'nyumbamo muli mwana wakhanda. Mwana wanga."

Mayiyo anayang'ana dzanjalo mpaka mwini wake analichotsa. Zinamupweteka koopsa, koma misozi anaikaniza, sakanalira pamaso pa anthu. Anakhazika laputopu pa boneti, n'kudina batani lotumizira.

"Ndiye thamangani mukawauze amake atuluke naye msanga," anatero. "Ogumula aja sachedwa."