Gawo la Mwana

Loya anatichenjeza tili pakhonde la khoti. "Pepala la chigamuloli musaonetse munthu mpaka ndalama zitatuluka." Apongozi anga anavomera ndi mutu, ine n'kuliika m'chikwama cha matewera. Tisanafike n'komwe pokwerera basi, alamu anga, ang'ono awo a malemu, anali atalisolola, akuliwerenga mokweza.

Mwamuna wanga anafera pantchito chaka chatha. Chingwe cha makina okwezera simenti chinaduka iye ali pansi pake. Khoti linapeza kuti kampani ndiyo inalakwa, ndipo woweruza anawerengera chipukuta misozi motere: malipiro ake a pamwezi, kuchulukitsa ndi zaka zimene akanagwirabe ntchito, kuchotsapo zimene akanadya yekha. Gawo langa ndi la apongozi linali lochepa. Lalikulu linali la mwana wathu wa zaka ziwiri, ndipo wosainira ndalamazo akhale amene akumulera.

Mawu omalizawo alamu anawabwereza kawiri.

Chichitikireni maliro, munthuyu anali asanamugulirepo mwanayo ngakhale sopo. Koma madzulo a tsiku la chigamulolo anatulukira kunyumba kwa apongozi, kumene ndinkakhala, atanyamula tinsapato tofiira tosamukwana.

"Bwera kwa bambo aang'ono, bwana wamkulu iwe! Koma mlamu, mwanayutu waonda. Mukumudyetsa mphepo?"

"Akudya bwino, alamu."

"Inu mukadali mtsikana, mawa lino mukwatiwa. Ndiye magazi athu akaleredwe ndi mwamuna wina?"

Apongozi anangozyolika.

Ndikutsuka mbale, ndinawamva alamu akunong'ona pafoni kuseri kwa zenera la khitchini. "Galimoto ifike mawa sikisi koloko m'mawa. Tinena kuti tikupita naye kusikelo. Khadi lake ndatenga kale."

Ndinathamangira kuchipinda manja ali thovu lokhalokha. Ndinafukula m'kabati, pansi pa mabulangete. Khadi munalibe. Kalata yake yakubadwa munalibenso. Mwana anali mtulo, kachala m'kamwa.

Apongozi analowa n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Basi yoyamba imanyamuka folo koloko," anatero osandiyang'ana. "Ine masiku ano ndikagona sindimva kanthu."

Anatuluka. Kaya ankandithandiza, kaya ankandiyesa, mpaka lero sindidziwa. Alamu anali atayala mkeka pabalaza, pafupi ndi khomo lakumaso, kuti agone komweko. Khomo lakukhitchini limalira ukalitsegula, koma ukalinyamula pang'ono limakhala chete.

Ndinaganiza zothawira kwa achemwali anga, amene anali atangosamukira nyumba ina imene akuchimuna sankaidziwa. Ndinamuveka mwana juzi ali mtulo, ndinakhala pabedi nsapato zili kumapazi. Ndinatsimikiza mumtima kuti kusanache tikhala titapita.